Mtsinje wa Maonekedwe a Thambo

Makolo athu anali anthu oyang'anitsitsa madzi. Iwo ndiwo anaona kuti madzi saiwala khwawa, natiuza kuti munthu amabwerera ku khalidwe limene anazolowera. Anaonanso kuti madzi akatayika saoleka. Ndipo pofuna kuchenjeza mwana wosamva, anapeka mtsinje umene simungaupeze pa mapu a dziko lililonse, uja wa Tinkanena umene unathera mu Siizi. Nzeru zonsezi anazitola m'mitsinje ya kwathu konkuno, imene imayera m'chilimwe ndi kufiira m'dzinja. Lero ndifuna ndikutengereni ku mtsinje wa kutali, wa maonekedwe a thambo, chifukwa nawonso uli ndi phunziro lokhudza inu ndi ine.

Mtsinjewu amautcha Río Celeste, ndipo uli m'dziko la Costa Rica, pa kamtunda kopapatiza kaja kamene kamalumikiza America wa kumpoto ndi America wa kumwera, pakati pa maiko a Nicaragua ndi Panama. Dzikoli ndi laling'ono ndithu, la masikweya kilomita pafupifupi 51,000, ndiye kuti silifika ngakhale theka la Malawi. Lili kumpoto kwa mzere wa Ikweta pa mtunda wofanana ndi umene Karonga ali kumwera kwa mzerewo, motero dzuwa lake ndi mbewu zake si zachilendo kwa ife: nthochi, chinangwa, chimanga, nyemba, khofi ndi zinanazi. M'Chisipanishi, chimene ndicho chiyankhulo cha boma kumeneko, mawu akuti celeste amanena mtundu wa thambo pa tsiku lopanda mitambo. Ife timati kubiriwira tikamanena za msipu ndi masamba, koma pa mtundu wa thambowu tinabwereka mawu akuti buluu, ndipo ndiwo ndigwiritse ntchito muno.

Ndinafika kumeneko m'mwezi wa Malichi chaka cha 2023, nditapita kukaona mwana wanga wamkazi amene pa nthawiyo ankagwira ntchito mu mzinda wa San José. Iyeyo, mwana wake wamwamuna wa zaka 11, pamodzi ndi ine tinayenda pa galimoto maola pafupifupi anayi kulowera kumpoto, mpaka tinafika pa katauni ka Bijagua, kamene kali pakati pa mapiri awiri ophulika, Tenorio ndi Miravalles. Mtsinje umene tinkaufuna umayambira m'nkhalango ya boma yotchedwa Parque Nacional Volcán Tenorio, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1995 ndipo ndi ya mahekitala oposa 12,000. Phiri la Tenorio ndi lotalika mamita 1,916, kucheperako pang'ono poyerekeza ndi phiri lathu la Zomba.

Pa chipata tinapeza malamulo okhwima. Alonda anayang'ana m'zikwama zathu, chifukwa kuyambira chaka cha 2021 mabotolo ndi majumbo a pulasitiki otaya ukangogwiritsa ntchito kamodzi saloledwa m'nkhalango za boma za m'dzikomo. Anatiuzanso kuti munthu sapatuka m'njira, ndiponso kuti kusamba mu mtsinje m'kati mwa nkhalangoyo n'koletsedwa. Mdzukulu wanga, amene ananyamula kabudula wosambira, anakwinya nkhope. Ndinamuuza kuti kwa eni kulibe mkuwe. Mlendo amayenda monga eni ake anenera. Tinabwereka nsapato za jombo kwa anthu ochita malonda pafupi ndi chipata, pakuti m'nkhalango ya mvula matope satha ngakhale m'nyengo imene iwo amati ndi ya dzuwa.

Njira yonse, kupita ndi kubwerera, ndi ya makilomita pafupifupi 6. Mitengo yake ndi italiitali, yovala ndere ndi zomera zina zimene zimamera pa nthambi osakhudza nthaka, ndipo pansi pamakhala mthunzi wa ndiwe yani ngakhale dzuwa lili paliwombo. Chapatali tinkamva anyani a kumeneko akubangula ndi mawu aakulu ngati a chilombo, chonsecho thupi lawo silifika pa nyani wa kwathu. Tinaima kanthawi kuonerera mzere wa nyerere zodula masamba, iliyonse itasenza kachidutswa kobiriwira koposa thupi lake. Wotitsogolera, amene mwana wanga ankamasulira mawu ake, anatifotokozera kuti nyererezi sizidya masambawo: zimakawaunjika kudzenje kwawo n'kulimapo bowa, ndipo bowayo ndiye chakudya chawo. Ine amene ndinaphunzitsa za ulimi zaka zambiri ndinavula chipewa.

Titayenda ngati kilomita imodzi ndi theka, tinayamba kumva mkokomo. Njira inapatukira ku masitepe oposa 200 otsikira kuphompho. Mawondo a nkhalamba sakondana ndi masitepe, choncho ndinatsika pang'onopang'ono, dzanja limodzi pa chogwirira, lina paphewa la mdzukulu. Tili pakati, masamba anatseguka, ndipo tinaona mathithi a mamita pafupifupi 30 akugwera m'dziwe. Madzi ogwawo anali oyera ngati thonje, koma dziwelo linali la buluu weniweni, wothina, wonga amene amayi athu ankasungunula m'beseni pochapa malaya oyera a tsiku la Sabata. Pansi pa dziwe sipankaoneka. Anthu a maiko osiyanasiyana amene ankalongolola potsika, atafika pamenepo onse anangoti zii. Wotitsogolera anatiuza nthano ya eni dera, yakuti Mulungu atatha kupenta thambo anatsukira maburashi ake mu mtsinje umenewu. Ndinaikonda nthanoyo, chifukwa ndi mmene makolo a mtundu uliwonse amachitira: akaona chodabwitsa, amachipezera nkhani kuti ana achikumbukire.

Koma chodabwitsa chachikulu chinali kutsogolo. Tinakweranso masitepe aja, n'kulondola mtsinje chokwera. Tinadutsa pa dziwe lodekha lotchedwa Laguna Azul, kenaka pa malo otchedwa Borbollones, pamene mpweya wochokera m'mimba mwa phiri umabwadamuka m'madzi ngati mphika wa phala, uku fungo la sulufule, longa la mazira owola, litadzaza ponseponse. Titaoloka timilatho topapatiza, tinafika pamathero a njira, pa malo otchedwa El Teñidero, kutanthauza ponyikira nsalu mu utoto.

Pamenepa pamakumana mitsinje iwiri. Wina ndi Buenavista, dzina lotanthauza maonekedwe abwino. Winawo ndi waung'ono, wotchedwa Quebrada Agria, ndiko kuti khwawa lowawasa. Ndinayang'ana mtsinje woyamba: madzi ake oyera mbee, miyala ya pansi ikuoneka. Ndinayang'ana wachiwiri: chimodzimodzi. Koma pamene madzi awiriwa akukhudzana pali mzere woyererako wodutsa mtsinje chopingasa, ngati wina waulemba ndi choko, ndipo kuyambira pa mzerewo kutsikira kumunsi madzi onse ndi a buluu. Amene munafikako ku Chiromo, kumene Ruo amathira mu Shire, mukudziwa kuti mitsinje ikakumana uliwonse umabwera ndi maonekedwe ake, n'kusakanikirana. Pano mpamene ndinaona mitsinje iwiri yopanda mtundu ikubala mtundu umene uliwonse mwa iwiriyo unalibe.

Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti m'madzimo muli mkuwa kapena mankhwala ena a m'phiri amene amawapaka utoto. M'chaka cha 2013, akatswiri a sukulu ziwiri za ukachenjede za m'dzikomo, Universidad de Costa Rica ndi Universidad Nacional, anasindikiza zotsatira za kafukufuku wawo, naonetsa kuti m'madzimo mulibe utoto uliwonse. Mtsinje wa Buenavista umanyamula tifumbi ta mwala tosaoneka ndi maso, topangidwa ndi aluminiyamu, silikoni ndi okosijeni. Kafumbi kamodzi kamakhala ka mananomita pafupifupi 184. Ndipo kuti mumvetse kuchepa kwake, mutagawa milimita imodzi m'zigawo 1 miliyoni, chigawo chimodzi ndicho nanomita. Tifumbito tikakhala tating'ono chotero, madzi amaoneka oyera. Koma madzi a Quebrada Agria ali ndi asidi wochokera m'phiri, ndipo akakhudza tifumbi tija timamatirirana n'kupanga timibulu ta mananomita pafupifupi 566. Timibulu ta msinkhu umenewu timabweza kuwala kwa buluu koposa mitundu ina ya mu utawaleza, ndipo kuwala kobwezedwako ndiko maso athu amaona. Tina timakhazikika pansi n'kukuta miyala ndi choyera chonga ufa. Kuchokera pa El Teñidero mtsinje umakhalabe wa buluu kwa makilomita pafupifupi 14.

Titatuluka m'nkhalango, tinaima pa mlatho wina kunja kwa malire, pamene anthu amaloledwa kufika m'madzi. Mdzukulu wanga anakhuthula botolo lake lomwera, nati, "Agogo, tiyeni titunge madziwa mukawapatse anzanga kumudzi, akaone okha. Akangoona zithunzi adzati tazipenta pa kompyuta." Ndinamulola. Anamiza botolo pamalo pamene panali buluu wothina, nalikweza kudzuwa. Madzi anali oyera ngati a pa mjigo. Anataya, natunganso pena, koma zinali chimodzimodzi. "Amayi, buluu uja wapita kuti?" Amayi ake anamuuza kuti timibulu tija tilimo ndithu m'botolomo, koma n'tochepa, timafunika tikhale tambirimbiri, m'madzi akuya, dzuwa likulowamo, kuti mtundu uoneke. Mnyamatayo analiyang'ana botolo nthawi yaitali, kenaka anabwezera madziwo mu mtsinje.

Tsono ndifike pa chimene ndalembera nkhaniyi. Ambiri a inu, makamaka amene muli ku Johannesburg, ku Harare ndi ku London, mumandilembera kuti, "Agogo, lembani miyambi yonse ndi miyambo yonse, kuti ngakhale inu mutatisiya tidzakhale nazo." Pempholi ndi labwino, ndipo ndichifukwa chake tsamba lino lilipo. Ena anayamba kale ntchito imeneyi ife tili ana: a Kumakanga analemba Nzeru za Kale, a Gwengwe analemba Kukula ndi Mwambo, ndipo mabukuwa anatilera. Komabe ndiyenera kukuuzani zoona, kuti buku ndi botolo, ndipo tsamba linonso ndi botolo. Zonse zimene ndimalemba muno zilimo ndithu, monga timibulu tija, koma mtundu wake simudzauona pa galasi la foni yanu.

Pa zaka zanga za m'kalasi ndinaona ana mazanamazana akulemba mayeso a Chichewa. Ukawafunsa tanthauzo la mwambi wa mtsinje wa Tinkanena, amayankha bwino lomwe, kuti wokana malangizo amadzaona mavuto, n'kulandira malikisi awo onse. Koma mwambi womwewo ndinaumva tsiku lina pa bwalo la mfumu kwathu. Mnyamata wina ankafuna kugulitsa munda umene amayi ake ndi azilongo ake ankadyerapo, kuti agule njinga yamoto yochitira kabaza. Anthu anayankhula kuyambira m'mawa, iye osatembenuka. Atsibweni ake, mwini mbumba, anali chete nthawi yonseyi. Dzuwa litapendeka anakonza kukhosi, nati, "Mphwanga, ife tatopa. Gulitsa. Koma udziwe kuti mtsinje wa Tinkanena unathera mu Siizi." Bwalo lonse linati zii. Mnyamata uja anayang'ana amayi ake, nayang'ana pansi, ndipo mundawo ulipo mpaka lero. Mwambiwo ankaudziwa kuyambira ali ku pulayimale. Unali m'mutu mwake zaka zonsezo, woyera ngati madzi a m'botolo, mpaka tsiku limene unatuluka m'kamwa mwa munthu womudziwa, pa nkhani yomukhudza, pamaso pa anthu ake.

Umo ndi mmene zilili ndi miyambo yathu yonse. Ndingathe kukulemberani dongosolo la chinkhoswe kuyambira pa kufunsira mbeta mpaka pa kupatsana nkhuku ndi zipangizo za pakhomo, inu n'kuliloweza. Koma chinkhoswe chenicheni chili pamene mabanja awiri osadziwana akhala moyang'anizana, ankhoswe a kuchimuna ndi a kuchikazi n'kulonjezana kuti ana awa akadzayambana, ife ndife tidzathamange usiku. Ndingakulembereni za maliro, za adzukulu okumba manda ndi za kugona pasiwa. Koma simudzadziwa chifukwa chake timachezera usiku wonse mpaka tsiku limene mudzakhale pa mphasa pafupi ndi wamasiye, m'bandakucha kukuzizira, iye n'kuona kuti simunachoke. Mwambo umaoneka pamene anthu akumana.

Taonaninso bwino mitsinje iwiri ija. Tifumbi tonse timene timabala buluu timabwera ndi Buenavista, mtsinje waukulu wokongola uja. Khwawa lowawasa silibweretsa kafumbi ka mtundu umenewo. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa timene tilipo kale. Inu achinyamata ndinu Buenavista. Muli ndi mphamvu, maphunziro, ziyankhulo ziwiri kapena zitatu, ndiponso zonse zimene munamva kwa makolo anu muli pamsana. Ife akuluakulu ndife khwawa lowawasa. Mawu athu sakoma. Timafunsa za mnzanu amene mukuyenda naye, za ngongole imene mwatenga, za chifukwa chimene simunafike pa maliro a azakhali anu. N'zosadabwitsa kuti ambiri mumakonda kutiwerenga koposa kukhala nafe, popeza tsamba silifunsa mafunso, ndipo likakutopetsani mumangolitseka. Koma paja wakutsina khutu ndi mnansi. Mtsinje wa Buenavista ukanati ulambalale khwawa lowawasa, ukanakhala mtsinje wabwino ndithu, wa madzi oyera, wofanana ndi mitsinje ina yambirimbiri imene palibe amene amakwera ndege kukaiona.

Anzanga okalamba, nanunso mtsinjewu ukukuyankhulani. Eni dera anatiuza kuti kukagwa chimvula champhamvu kumapiri, madzi amatsika ndi matope, ndipo Río Celeste amasanduka wofiirira ngati mtsinje wina uliwonse. Alendo amene afika tsiku lotero amabwerera manja ali m'khosi. Mitsinje iwiri ija imakhala ikukumanabe, koma matope amaphimba zonse, mpaka madzi atadekha. Malangizo operekedwa mu ukali ndi otero. Mawu angakhale oona, mwambi ungakhale woyenera, koma ngati watuluka pamodzi ndi zotukwana ndi zonyoza, mwana amangoona matope. Atsibweni aja anadikira tsiku lathunthu asanayankhule, ndipo sanakweze mawu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tizikumbukiranso kuti khwawa lowawasa ndi laling'ono poyerekeza ndi mnzake. Kuwawasa pang'ono n'kokwanira.

Pali anthu ena m'dera limenelo amene nkhani yawo iyenera kutichenjeza. Kum'mawa kwa phiri la Tenorio, m'dera la Guatuso, kumakhala mtundu wa Amaleku, eni nthaka a kalekale. M'zaka za m'ma 1800 anthu ofuna mphira m'nkhalango anawapha ambiri, ena n'kuwagwira ukapolo, ndipo lero atsala mazana owerengeka, m'midzi itatu: Margarita, Tonjibe ndi El Sol. Chiyankhulo chawo chinalembedwa bwino. Katswiri wa ziyankhulo, malemu Adolfo Constenla, anathera zaka zambiri akulemba malamulo ake ndi nkhani za makolo awo. Mabukuwo alipo. Koma oyankhula chiyankhulocho bwinobwino ndi ochepa, ambiri mwa iwo ndi achikulire, ndipo ana amakulira m'Chisipanishi. Amaleku akuyesetsa kuphunzitsa ana awo, chifukwa adziwa kuti buku limasunga mawu koma silingayankhe mwana akaitana. Chichewa chili ndi anthu mamiliyoni ambiri, ndipo sichili pangozi yotero. Koma chiyankhulo chimafa khomo ndi khomo. M'nyumba imene mdzukulu sangathe kucheza ndi agogo ake popanda womasulira, mitsinje iwiri yaleka kukumana, ngakhale kunja anthu mamiliyoni akuyankhulabe.

Choncho, adzukulu anga, pitirizani kuwerenga tsamba lino, ndipo ine ndipitiriza kulemba pamene maso akuonabe. Koma mukawerenga mwambi muno, musausunge. Imbirani foni agogo anu kapena azakhali anu, muwafunse kuti anayamba kuumva liti, kwa yani, pa nkhani yanji. Mudzamva mbiri ya banja lanu imene ine sindingailembe. Yankhulani nawo m'Chichewa ngakhale lilime likupunthwa, ndipo akakusekani museke nawo. Mukabwera pa tchuthi musathere masiku onse kunyanja ndi m'tauni. Gonani kumudzi masiku angapo, mukhale nawo pa bwalo, pa chinkhoswe, pa maliro. Mukafunsidwa funso lowawasa, musathamangire kutseka foni. Inu makolo amene mukulera ana kunja, patulani nthawi ya chakudya chamadzulo ikhale ya chiyankhulo cha kwanu. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo silitsata moto kumene uli. Woona moto ndiye amathamangira kudambo, ndipo achite zimenezi dambolo lisanaume.

Mukhale bwino nonse kumene muliko, ndipo mupereke moni kwa makolo anu. Ndine agogo anu.